Ola limene wailesi ya a Makwinja inati zii

Tangokwanitsa chaka chiwaikireni m'manda a Makwinja. Anthu a pa Chitakale akamawatchula amati "mdala wa dzuwa uja," kenako n'kuseka pang'ono. Ine sindiseka nawo. Ndinakhala ndi a Makwinja pa khonde limodzi la sitolo zaka khumi ndi zisanu, ine ndi makina anga osokera kumanzere, iwo ndi mawailesi akufa kumanja, ndipo ngati pali munthu amene anakangana nawo kuposa wina aliyense pa Chitakale pano, ndine.

Tinkakangana za utsi. Chitsulo chawo chowotcherera mawaya ankachitenthetsa pa mbaula ngakhale magetsi alipo, akuti magetsi ndi mlendo wopanda khalidwe, satsanzika pochoka. Utsi wonsewo unkathera m'madiresi a ukwati a makasitomala anga. Ndikadandaula ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti mkwatibwi wonunkha utsi ndiye amakhalitsa pabanja. Akamaliza kukonza wailesi ankaimenya kambama kumsana n'kuti "pronto," kutanthauza kuti yatheka, mawu amene anabwera nawo kuchokera ku Mozambique ali mnyamata. Mudzi wawo kumeneko unapsa pa nkhondo, abale anamwazikana, ndipo analibe poti angaloze kuti uko ndi kwathu.

Koma mkangano wathu wa tsiku ndi tsiku unali wa nthawi. Munthu akangonena kuti "ndibwera m'mawa," a Makwinja ankaika ntchito pansi. M'mawa si nthawi, ankatero, m'mawa ndi thumba, mumalowa maola ambirimbiri. Ankavala mawotchi awiri, dzanja lililonse yake. Ankafika seveni koloko, ndipo sankachoka pa benchi mpaka faifi. Akafuna kupita kuseri ankandiuza kuti, "Mayi, mundimverere," ngakhale panalibe chomvera chilichonse. Matemba sankadya. Tsiku lina ndinawapatsa, anangovundikira mbale n'kuikankhira mbali yanga. Ine ndinakwiya, ndinati mdalayu ndi wonyada.

Chifukwa chake ndinadzachimva patapita zaka zitatu. Kale, foni za m'manja zisanafike kuno, a Makwinja ankagwira ntchito ku Likhubula pa kampani ina yocheka matabwa a mkungudza, imene inatha kalekale. Ntchito yawo inali kukhala mu ofesi pambali pa wailesi yolankhulirana, ija ya "ova, ova," kumvera uthenga wochokera ku msasa wa ocheka matabwa pamwamba pa phiri. Anakwatira chikamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi komweko, kwa a Esinati. Pa ana awo anakula mmodzi yekha, Lusiyano, amene anayamba ntchito ku msasa womwewo. Kapitawo wa kumeneko, amene ankagwira wailesi ya kumtundayo, anali a Waisoni, mchimwene wawo wa a Esinati, malume ake a Lusiyano.

Tsiku lina la m'chilimwe nkhwangwa inaphonya mtengo n'kumutema Lusiyano pantchafu. Magazi sankaleka. A Waisoni anathamangira pa wailesi kuti auze a kumunsi atumize lole ndi adokotala, akawadikire patsinde pa njira yachidule, imene imatulukira kutali ndi ofesi. Anaitana, kuitana, osayankhidwa. Anaisiya wailesiyo n'kumunyamula pa machira. Anafika patsinde dzuwa litapendeka, ndipo panalibe lole. Anatuma munthu pa njinga ku ofesi, koma pamene lole imafika, Lusiyano anali atatsirizika pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu.

Pabwalo a Makwinja ananena kuti sanamve kuitana kulikonse. Anati m'mawa umenewo wailesi inangoti zii, ngakhale kusokosera kwake kuja kunaleka. Anayang'ana batire, anagwedeza mawaya, kenako inadzuka yokha. Koma anthu atakaiyesa mawa lake inalankhula bwinobwino. Ndiye kunaimirira mayi wina amene anawaona masana a tsikulo akugula matemba kumsewu. A Makwinja sanakane. Anachokadi pa wailesi cha m'ma wani koloko, kwa theka la ola. Chimene sananene pagulupo n'chakuti anawatuma matembawo ndi akazi awo. Palibe anafunsa kuti a Waisoni anaitana nthawi yanji. Mlandu unali utapsa kale: bambo wasinthanitsa mwana ndi mbale ya matemba. Maliro asanasesedwe, a Waisoni anawatulutsira mphasa ndi sutikesi panja, n'kulumbira pamaso pa mbumba yonse kuti munthu ameneyu, ngakhale mtembo wake, sudzalowa m'manda a mudziwo. A Esinati sanawalankhulenso.

Kuyambira pamenepo a Makwinja ankafuna zinthu ziwiri zokha pa dziko lapansi: kuti a Esinati adzawayankhe moni, ndi kuti adzagone pafupi ndi Lusiyano. Ankazinena poyera, ngati munthu amene akutchula zokagula kumsika. Chaka chilichonse ankatuma mkulu wa mpingo kukapepesa, ndipo chaka chilichonse mkuluyo ankabwerako chimanjamanja.

Za dzuwa zinabwera ndi mphunzitsi wa sayansi wa ku sekondale, amene anabwera kwa ine kudzapinditsa buluku. Akudikira, anamva a Makwinja akutukwana wailesi imene inkataya masiteshoni akunja masana.

"Mwina si wailesi, madala," anatero mphunzitsiyo. "Sabata ino dzuwa likulavula moto."

Anafotokoza kuti pankhope pa dzuwa nthawi zina pamaphulika moto. Kuwala kwake kumafika kuno m'mphindi zisanu ndi zitatu, n'kusokoneza mpweya wa kumwamba umene mawu a mawailesi otere amagundako kuti abwerere pansi. Mbali ya dziko imene kuli masana, wailesi imatha kuti zii kwa mphindi zingapo, mwina ola lathunthu, kenako n'kudzuka yokha. Anatinso kutali kumwamba, kumene kulibe mitambo kapena usiku, anthu anaponyako makina okhala ndi makamera amene ntchito yawo ndi kuyang'ana dzuwa basi, n'kumasunga kuphulika kulikonse ndi nthawi yake.

Ndinamva fungo la nsalu yopsa. A Makwinja anali ataika chitsulo chamoto pa chitenje cha kasitomala wanga, osazindikira.

"Aphunzitsi," anatero, "bwerezani pamene mwati imadzuka yokha."

Kuchokera tsiku limenelo foni yanga inasiya kukhala yanga. Mphunzitsi uja anatisonyeza pamene zithunzi za makinawo zimapezeka, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanakhale n'komwe pansi, dzanja lawo linali litatambasuka kale. Dzuwa la m'fonimo linali lofiira, la mawangamawanga, ngati chitumbuwa chimene chakhalitsa m'mafuta. Anaphunzira mawanga onse. Ankadziwa limene likukula, limene likuzimirira, limene likupita kuseri. Akaona lalikulu ankati ili lili ndi pakati, libereka sabata ino, n'kutchera wailesi yawo pa siteshoni yakunja, khutu lili pomwepo tsiku lonse. Ntchito za anthu zinkangounjikana. Ine ndinkawanena kuti andithera bandulo ndi nkhani za kumwamba pamene pansi pano mpunga wawo ukupsa, iwo n'kuyankha kuti atelala saona patali kuposa diso la singano.

Anyamata a pa siteji ya minibasi anawapatsa dzina lija. Akamadutsa ankawafunsa kuti, "Madala, lero dzuwa lagona bwanji?" Iwo ankayankha mwaulemu ndithu, kufotokoza zonse, osaona kuti akuwaseka. Zinkandipweteka mtima. Koma paja amati wamisala anaona nkhondo. Tsiku lina masana, wailesi yawo ikulankhula Chipwitikizi, mawu anayamba kuchepa, kuchepa, mpaka zii. A Makwinja anayang'ana mawotchi awo onse awiri. Sanaigwire wailesiyo. Tinakhala chomwecho, ine phazi lili pa makina osapalasa, mpaka patapita mphindi zambiri mawu aja anabwerera okha. Nditatembenuka, misozi inali ikutsika m'makwinya mwawo.

"Ndi yemweyu, mayi," anatero. "Zii yemweyu. Zaka zonsezi ndimati mwina ndinalota."

Tsiku limene Lusiyano anamwalira ankalidziwa ngati dzina lawo. Analilemba pa pepala n'kupatsa mphunzitsi uja kuti akafufuze m'kaundula wa makinawo. Patapita masabata awiri mphunzitsiyo anabwera ndi pepala lodinda. Panali mzere woyenda chogona, kenako n'kudumpha ngati msana wa phiri. Anati nthawi ya m'kaundulayo imatsalira maola awiri kumbuyo kwa yathu, choncho wawonjezera kale. Pa tsiku limenelo dzuwa linaphulikadi, mwamphamvu, kuyambira cha m'ma teni koloko mpaka cha m'ma leveni.

A Makwinja anavina. Munthu amene sindinamuonepo akuchoka pa benchi anatsika pakhonde n'kuvina m'fumbi, pepala lili m'mwamba. Anandigulira fanta. Anati ndiwasokere malaya atsopano, oyera, oti akavale popita kumudzi.

Mawa lake anafika nkhope itagwa, ngati munthu amene sanaone tulo. Anakhala pansi osayatsa mbaula.

"Mayi, dzuwa lavomera ola lake. Nanga langa lija?"

Sindinamve msanga.

"Ngati alamu anaitana teni koloko, mwana wanga anaphedwa ndi dzuwa. Ngati anaitana wani koloko, ndinamupha ndine. Ine sindinamve kuitanako, ndiye ndingadziwe bwanji nthawi yake? Akudziwa ndi alamu okha."

Apa m'pamene tinakangana koposa masiku onse. Ndinawauza kuti pepalalo likukwanira. Apite nalo, aliike pamaso pa mbumba, za wani koloko asazidzutse, zinagona kale. Ndinawakumbutsa kuti ndi okalamba, akutsokomola, ndipo alibe manda kwina kulikonse. Ndinafika powatcha chitsiru, mdala wa msinkhu wa bambo anga. Iwo anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha.

"Amoyo ndikhoza kuwapusitsa ndi pepala," anatero. "Koma ndikukagona pambali pa munthu amene analipo. Ndikamuuza chiyani?"

Tinapita Loweruka, pa njinga za kabaza, iwo atavala malaya oyera aja. Pofika m'mudzimo tinapeza a Esinati akuyanika makaka pa mkeka. A Makwinja anavula chipewa n'kupereka moni. A Esinati anawayang'ana kamodzi, anapukuta manja pa chitenje, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Sitinaime. Tinalunjika kwa a Waisoni.

Sitinadziwe kuti a Waisoni anachita sitiroko miyezi ingapo m'mbuyomo. Tinawapeza atagona pa mphasa, pakamwa patapindika, mawu akungotuluka ngati kubuula. Maso okha ndi amene anali amoyo, ndipo anawazindikira alendo awo. A Makwinja anagwada pakhomo, mawondo akulira.

"Alamu, sindinabwere kudzakana mlandu. Ndabwera kudzafunsa nthawi. Tsiku lija munandiitana nthawi yanji?"

Mwana wawo wamkazi wa a Waisoni, amene ankawasamalira, anati bambo ake sanavalepo wotchi chibadwire. Nthawi ankaitchula ngati anthu onse a m'phiri, potukula mkono kuloza pamene dzuwa linali. Ndiye tinawanyamula ndi mphasa yomwe kuwatulutsa panja, n'kuwatsamiritsa kukhoma mwakuti kum'mawa kukhale mbali ya dzanja lawo lamoyo. A Makwinja anafunsanso, pang'onopang'ono.

A Waisoni anamva. Ndinaona m'maso mwawo kuti amva, ndipo akufuna kuyankha. Mkono unanyamuka kuchokera kum'mawa, unakwera, unafika pa teni koloko n'kuima. Kenako mkono uja unayamba kunjenjemera, unakweranso, unadutsa pamutu, unapendekera kumadzulo, n'kugwa pa mphasa.

"Kachiwiri, alamu. Chonde."

Kachiwiri unaima pamutu penipeni, n'kugwa. Kachitatu sunafike patali, unangogwedezeka m'malere. A Waisoni anayamba kulira, malovu akutsika pachibwano. A Makwinja anawagwira mkonowo ndi manja awiri, kuutukula okha, kuuika apa, kuuika apo, akufunsa, "Apa? Kapena apa? Tsinzinani diso, alamu, ngati ndi apa." Maso a a Waisoni anali odzaza misozi, ankangophethira paliponse. Mwana wawo anatipempha kuti tizipita, tikuwazunza bambo ake. Ananena zoona.

Tinabwerera. Pepala lija a Makwinja sanalitulutse m'thumba, ndipo palibe wa m'mudzimo analiona.

Anakhala ndi moyo miyezi isanu ndi iwiri chichitikireni zimenezo. Foni yanga anasiya kuipempha. Ndinkawapatsa ndekha, kuwauza kuti kwatuluka banga lalikulu, iwo n'kungogwedeza mutu. Nthawi zina ndinkawaona atatukula mkono wawo kumwamba, akuuyendetsa pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga. Ndinkachita mantha. Ndinawauza kuti madzi akatayika saoleka, adzikhululukire okha. Anati kudzikhululukira n'kosavuta, koma uyambe wadziwa chimene ukukhululuka.

Chibayo chinawatenga nthawi ya chiperoni. Ndinatumiza uthenga kumudzi kupempha malo. Yankho linabwera lakuti lumbiro amamasula ndi amene analumbira, ndipo amene analumbirayo pakamwa panatsekeka. Tinawaika ife a mpingo, m'manda a alendo, mbali ya ku boma. Ku mudzi kuja sikunabwere munthu.

Patatha miyezi iwiri ndinaona mayi wokalamba ataima kutsogolo kwa khonde, akuyang'ana mbali ya kumanja. Anali a Esinati. Ndinawapatsa mpando wanga. Anakhalapo.

"Mayi, inu munabwera nawo tsiku lija. Ndinasuzumira pa zenera. Ankachita chiyani ndi mkono wa achimwene?"

Ndinafotokoza zonse, za moto wa pa dzuwa, za makina a kumwamba, za pepala. Ndinati ankafuna kudziwa nthawi imene a Waisoni anaitana. Sindinawauze kuti nthawi yabwino ndi iti, yoipa ndi iti. Ndinali ndisanafike pamenepo.

"Nthawi?" anatero a Esinati. "Imeneyo ndiye achimwene anandiuza ine, tsiku la maliro, m'nyumba muja. Anati, chemwali, ndinayamba kuitana dzuwa lili apa, ndinaleka lili apa."

Anatsika pakhonde, anaima pamsewu, anayang'ana kumene dzuwa limatulukira, n'kutukula mkono. Unaima nji, osagwedezeka. Kenako anaukweza pang'ono, n'kuimanso. Kawiri konseko mkono unali mbali ya kum'mawa, usanafike pamutu.

"Mukutsimikiza, amayi?"

"Mkono umenewo ndimauona tsiku ndi tsiku. Ndingauiwale?"

Ndinawauza kuti ola limenelo ndi lomwe lili pa pepala, lomwe wailesi inafa, amuna awo ali pomwepo akugwedeza mawaya. Anatsitsa mkono pang'onopang'ono. Sanalire. Anandiyang'ana ngati ndine amene ndinaweruza mlandu uja.

"Ndinali m'nyumba momwemo, mayi. Munandiona ndikulowa. Simunagogode."

Zinali zoona. Tinadutsa chitseko chimenecho kawiri, popita ndi pobwera, ndipo ine, mkazi mnzawo, sindinaganize kuti mlongo amauzidwa zinthu zimene bwalo silimva. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndikulidyabe mpaka lero. A Esinati anandifunsa njira ya ku manda a alendo. Ndinati ndiwaperekeze, anakana. Ndinawaona akupita cha ku boma wapansi, akuyenda m'mbali mwa msewu, maminibasi akuwaimbira hutala.

Mbali ya kumanja kwa khonde ili mbee. Benchi anatenga a mpingo, mawailesi eni ake anabwera kudzatenga, ena osakonzedwa. Pasimenti patsala mabowo anayi pamene miyendo ya benchi inadya pansi, ndi msomali kukhoma wopanda chopachikapo. Mwini sitolo wabweretsa anthu atatu ofuna malowo, ndipo onse ndawathamangitsa ndi pakamwa panga. Sindikudziwa kuti ndikusungira ndani. M'mawa ndikafika ndimasesapo, kenako ndimakhala pa makina anga n'kutembenukira kumeneko, mawu ali kale pamilomo. Yankho lawo ndili nalo ine, lathunthu, ndipo ndilibe womupatsa.